Wapolisi amene amamwa tiyi kumzikiti kwathu: ndimuuze za mwana wanga?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala m'tauni ina ya kumpoto kwa England. Ndaidula kuti ifupike, ndipo ndachotsamo zonse zimene zikanamuulula.

"Kudera kwathu kuno kuli wapolisi amene amayenda wapansi. Lachisanu lina amabwera kumzikiti, kumwa tiyi ndi azibambo, kucheza ndi anyamata za mpira. Mwezi watha anabwera ndi mnzake wosavala yunifolomu, n'kutifotokozera za chinthu chotchedwa Prevent, ati tikaona mwana akukopeka ndi maganizo a zigawenga tiziwauza. Bambo a kunyumba akuti ameneyu ndi kazitape, tizingomupatsa moni basi. Koma ine mtima uli m'mwamba chifukwa cha mwana wathu wa zaka 15. Mpira anasiya, foni sichoka m'manja mpaka usiku, akuti ashehe athu ndi ogulidwa, ndipo tsiku lina anaonetsa mng'ono wake vidiyo ya anthu akuphedwa. Kodi ntchito ya wapolisiyu kwenikweni n'chiyani? Ndikamuuza, mwana wanga amangidwa?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yolemera chonchi. Ndiyambe ndi funso lomalizalo, poti ndi limene likukusowetsani tulo. Mwana kutumizidwa ku Prevent si kumangidwa, si kuzengedwa mlandu, ndipo sizilembedwa m'mbiri yake ya milandu. Komanso musaganize kuti nkhaniyo ikathera pakati pa inu ndi wapolisi wa tiyi uja. Mukangomuuza, dzina la mwana lilembedwa, ndipo lipita kwa apolisi ena amene simunawaonepo. Bambo a kunyumba ali ndi mfundo, inunso muli ndi mfundo, ndiye tiyeni tiione bwinobwino.

Wapolisi wa m'dera ku England amakhala wa mitundu iwiri. Pali wapolisi weniweni, wa mphamvu zomanga munthu, ndiye pali wothandizira apolisi m'dera wotchedwa PCSO, amene anayamba kulembedwa ntchito potsatira lamulo la 2002. PCSO amavala yunifolomu, amayenda m'misewu, koma mphamvu zake n'zochepa. Onsewa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku si zigawenga ayi. Ndi njinga zobedwa, anyamata osuta chamba pakona, oyandikana nyumba okangana za phokoso, agogo amene aberedwa ndalama pafoni. Ndimamufanizira ndi mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi kwathu uja, woyenda ndi sikelo ndi katemera. Opaleshoni sachita, koma kolera ikayamba, woyamba kudziwa kuti yayambira pachitsime chiti ndi iyeyo, chifukwa amadziwa khomo lililonse ndipo anthu amamuuza zinthu asanafunse n'komwe.

Nanga munthu wothamangitsa akuba njinga analowa bwanji m'nkhani za uchigawenga? Boma la Britain lili ndi ndondomeko yotchedwa CONTEST, imene inakonzedwa mu 2003. Ili ndi nthambi zinayi: yosaka ndi kugwira zigawenga, yoteteza malo, yokonzekera ngozi ikagwa, ndi Prevent, yoti munthu aletsedwe asanalowe n'komwe m'gululo. Chimene chinaipatsa mphamvu nthambi yomalizayi ndi mabomba a pa 7 July 2005 ku London, amene anapha anthu 52. Oponya mabombawo sanatsike ndege dzulo lake. Atatu mwa anayiwo anali ana a ku West Yorkshire, obadwira ndi kukulira konko, ndipo wamkulu wawo ankagwira ntchito pasukulu ya pulayimale ku Leeds. Boma linaona kuti makina omvera mafoni a anthu akunja sangakuuze kuti mnyamata wa mumsewu wachitatu wasintha. Angakuuze ndi mayi ake, mphunzitsi wake, mnzake wa mpira. Ndipo anthu oterewa sapita ku MI5, bungwe la akazitape a boma la Britain. Akalimba mtima, amauza wapolisi amene amamudziwa nkhope.

Mu 2015 lamulo linawonjezera: masukulu, makoleji, zipatala za NHS, makhonsolo, ndende ndi apolisi onse anapatsidwa udindo woyang'anira nkhaniyi. Ndikunena izi kuti mudziwe chinthu chimodzi chimene mwina simunachiganizire. Ngakhale inu mutakhala chete, mwana akangonena kusukulu zimene amanena kunyumbazo, aphunzitsi akhoza kumutumiza okha, ndipo inu mudzamva nkhani itapita kale.

Ikapita imayenda chonchi. Dzina limafika kwa apolisi a Prevent, amene ali pansi pa nthambi yolimbana ndi uchigawenga. Mnzake wosavala yunifolomu uja mwina ndi mmodzi wa iwo. Iwo amayamba aona ngati munthuyo akufufuzidwa kale, ndiponso ngati nkhawayo ili ndi mutu. Zambiri zimathera pomwepo, kapena zimatumizidwa kwa a zaumoyo, kwa a zosamalira ana, kapena kubwerera kusukulu. Zochepa zimapita ku komiti yotchedwa Channel, imene wapampando wake ndi wa kukhonsolo, osati wapolisi. M'komitimo mumakhala a sukulu, a chipatala, a zosamalira ana ndi apolisi. Akaona kuti mwana akufunika thandizo, amamupezera mlangizi, nthawi zambiri munthu wodziwa bwino chipembedzo kapena maganizo amene mwanayo wakodwa nawo, woti azikhala naye pansi n'kumatsutsana naye mofatsa. Channel sakakamiza. Mwana wosakwana zaka 18 salowamo popanda chilolezo cha kholo. Mukakana, ndipo apolisi akaona kuti chiopsezo chilipo, amapitiriza kumuyang'anira mwa njira zawo.

Manambala a boma amathandiza kuchepetsa mantha, komanso amadzutsa mafunso. M'chaka chothera mu March 2024, ku England ndi Wales kunatumizidwa nkhani 6,922. Zimene Channel inazitenga kuti ithandizepo zinali 500 ndi kakhumi chabe. Zambiri zinachokera kumasukulu, ndipo gulu lalikulu linali la ana a zaka 11 mpaka 15, msinkhu wa mwana wanuyo. China chimene ambiri kumizikiti sachidziwa: kwa zaka zingapo tsopano, otumizidwa chifukwa cha maganizo a azungu odana ndi anthu akuda, Asilamu ndi obwera achuluka kuposa otumizidwa chifukwa cha magulu onga Daesh (gulu la zigawenga lija lotchedwanso ISIS). Amene anapha phungu Jo Cox mu 2016 anali mzungu wa maganizo amenewo. Amene anagunda anthu ndi galimoto pafupi ndi mzikiti wa Finsbury Park mu 2017 analinso wotero, ndipo kukhoti kunamveka kuti anasintha m'masabata ochepa chabe, akuwerenga za pa intaneti. Wapolisi wanu uja akamagwira bwino ntchito, ndiye kuti akuyang'ananso mnyamata amene angadzabwere kudzatentha mzikiti wanuwo.

Tsopano tibwere kwa bambo. Musawaone ngati ouma mutu. Munthu amene anakula nthawi ya Kamuzu, kapena analeredwa ndi amene anaiona, amadziwa kuti mawu onenedwa pamowa kapena pamaliro ankatha kumufikitsa munthu ku Mikuyu. A Special Branch ankavala ngati wina aliyense, apayoniya anali ana a m'mudzi momwemo. Mantha amenewo tinakwera nawo ndege. Koma ngakhale atakhala kuti sanawatenge kumudzi, ku England komweko akanawapeza.

Mu 2010 kunaululika nkhani ya Project Champion ku Birmingham. Apolisi anaika makamera oposa 200, ena obisika, mozungulira madera a Sparkbrook ndi Washwood Heath, kumene kumakhala Asilamu ambiri. Anthu ndi makhansala awo anauzidwa kuti ndi othana ndi umbava ndi chisokonezo cha m'misewu. Kenako zinadziwika kuti ndalama zake, pafupifupi mapaundi 3 miliyoni, zinachokera kuthumba lolimbana ndi uchigawenga. Anthu atakwiya, makamerawo anavekedwa matumba, mkulu wa apolisi a West Midlands anapepesa, ndipo mu 2011 anazulidwa. Taganizirani wapolisi wa m'dera amene anatha zaka akumwa tiyi ku Sparkbrook, akuphunzira mayina a ana, akuthandiza pa maliro. M'mawa mwake anayenda bwanji mumsewu umenewo? Bodza linanenedwa ndi mabwana ake, koma amene anasiya kupatsidwa moni ndi iyeyo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, monga ndimaionera ine. Wapolisi wa m'dera amathandiza pa uchigawenga chifukwa choti uchigawenga si ntchito yake yaikulu. Anthu amamuuza za mwana amene wasintha chifukwa chaka chatha anawathandiza galasi la galimoto litaswedwa, chifukwa anabwera pamene wina analemba zotukwana pakhoma la mzikiti, chifukwa anaimba foni monga analonjezera. Akangosanduka munthu wobwera kudzatola mayina, wataya chinthu chokhacho chimene anali nacho choposa a MI5. Ndiye mukafuna kudziwa ngati wanuyo ndi wa mtundu uti, musayang'ane kumwetulira kwake. Onani ngati amabwera pa mavuto anu, kapena amangobwera ndi mafunso ake. Onaninso ngati amapita kutchalitchi, kumalo omwera mowa ndi kukalabu ya nkhonya ya azungu a mumsewu wapafupi, kapena phazi lake limadziwa njira ya kumzikiti yokha. Kwa ine, kubwera poyera ndi mnzake uja n'kunena kuti "uyu ndi wa Prevent" ndi chizindikiro chabwino. Kazitape salengeza pagulu.

Vuto lina si la mtima wa wapolisi, ndi la ndalama. Kuyambira 2010 boma linadula bajeti, apolisi anachepa ndi pafupifupi 20,000 m'zaka zisanu ndi zitatu, ndipo oyamba kuchotsedwa m'misewu anali a m'madera omwewa. A PCSO anali pafupifupi 17,000 mu 2010, pofika 2024 sankakwana 8,000. Pambuyo pa ziwembu za 2017, kuphatikizapo bomba la ku Manchester Arena limene linapha anthu 22, akuluakulu olimbana ndi uchigawenga eni ake anadandaula poyera kuti kuchepa kwa apolisi a m'madera kukuwatseka makutu. Boma la Labour linalonjeza kuwonjezera anthu 13,000 m'magulu a m'madera, ndi kuti dera lililonse likhale ndi wapolisi wodziwika dzina. Tiona. Chidaliro chimafuna munthu mmodzimodzi kwa zaka zingapo, osati nkhope yatsopano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ku Netherlands anachita kuzilemba m'lamulo: wapolisi wa m'dera mmodzi pa anthu 5,000 alionse.

Kodi zimagwira ntchito? Kuyankha moona n'kovuta, chifukwa bomba limene silinaphulike siliwerengeka. Zolephera ndiye zimaoneka ndi aliyense. Amene anapha phungu David Amess mu 2021 anadutsapo ku Prevent zaka zingapo m'mbuyo mwake. Amene anapha atsikana atatu ku Southport mu July 2024 anatumizidwako katatu, ndipo katatu konse nkhani yake inatsekedwa. Wa ku Manchester Arena sanatumizidweko n'komwe. Mu 2023 lipoti la William Shawcross, amene boma linamusankha kuti aunike ndondomekoyi, linati Prevent yasochera ndipo yafewa pa magulu a Chisilamu onyanyira. Chaka chomwecho Amnesty International inati ndondomekoyi ithetsedwe chifukwa imaphwanya ufulu wa anthu, makamaka Asilamu. Mbali ina ikuti ikugwira pang'ono, ina ikuti ikugwira osalakwa. Ine ndimaona kuti onse akuloza bala limodzi: anthu otumiza mayina ndi ambiri, ophunzitsidwa kwa maola ochepa, ochita mantha kuti akapanda kunena adzafunsidwa, pamene anthu odziwa mwanayo ndi dera lake mokwanira kuti asiyanitse mwano wa unyamata ndi ngozi yeniyeni ndi ochepa.

Chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ngati chabwino ndi cha mzinda wa Aarhus ku Denmark. Kumeneko sukulu, a zosamalira anthu ndi apolisi akhala akugwirira limodzi pa nkhani za achinyamata kuyambira kale, uchigawenga usanakhale nkhani. Achinyamata pafupifupi 30 atapita ku Syria mu 2012 ndi 2013, apolisi sanayambe ndi kuthyola zitseko. Anapita kumzikiti umene ambiri mwa anyamatawo ankapemphera, anakhala pansi ndi atsogoleri, anaitana makolo, ndipo obwerako amene panalibe umboni woti anapalamula anawapezera alangizi, sukulu ndi ntchito. Mu 2014 opita anatsika kufika pa mmodzi. Ena amati zifukwa zinalipo zinanso, ndipo andale ena a ku Denmark ankati uku n'kunyengerera zigawenga. Koma makolo a ku Aarhus ankaimbira okha apolisi, ndipo zimenezo sizichitika kumene kholo likudziwa kuti kuimba foni n'kupereka mwana kundende.

Kwathu nakonso nkhaniyi si yachilendo monga timaganizira. Ku Cabo Delgado, m'dziko loyandikana ndi Malawi la Mozambique, nkhondo inayamba pa 5 October 2017 pamene anyamata anaukira mapolisi a ku Mocímboa da Praia. Ofufuza amene analankhula ndi anthu a kumeneko anapeza kuti mashehe ndi akuluakulu a m'midzi anali atadandaula kuboma zaka zingapo m'mbuyo za kagulu ka achinyamata kamene kankanyoza atsogoleri a mizikiti, kulowa mumzikiti ndi nsapato ndi kuletsa ana kupita kusukulu za boma. Anthu anaona, ananena, koma panalibe khutu lomvetsa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawa m'nyumba zawo, ndipo chakumapeto kwa 2021 ziwembu zinafika mpaka ku Niassa, chigawo chimene chagundana ndi Mangochi ndi Machinga. Mwaona kuti chizindikiro choyamba kumeneko chinali chomwecho chimene mwachiona m'nyumba mwanu: mwana kunena kuti ashehe amene anamuphunzitsa alifu ndi ogulidwa.

Sindikunena kuti mwana wanu ndi chigawenga. Mnyamata wa zaka 15 kutsutsa akuluakulu, kukonda chipembedzo mopitirira makolo ake, kukwiya ndi zimene akuona zikuchitika ku Gaza kapena ku Sudan, zonsezi si uchigawenga, ndipo wapolisi wanzeru amadziwa zimenezo. Chimene chandiimitsa mutu m'kalata yanu ndi vidiyo ija. Choyamba, wina akumutumizira, ndipo ndikufuna mudziwe kuti ndani. Chachiwiri, malamulo a Britain ndi okhwima pamenepa. Kugawa zinthu zofalitsidwa ndi magulu a zigawenga ukhoza kukhala mlandu pansi pa lamulo la 2006, kusunga kapena kuonera pa intaneti zinthu zothandiza kukonza chiwembu ndi mlandu pansi pa lamulo la 2000, ndipo ku England mwana amayankha mlandu kuyambira zaka 10. M'zaka zaposachedwa, pafupifupi mmodzi mwa anthu asanu omangidwa pa milandu ya uchigawenga ndi mwana wosakwana zaka 18, ambiri chifukwa cha za mufoni. Ndiye chimene chingamangitse mwana wanu si kulankhula kwanu ndi wapolisi. Ndi batani la "forward" limene angadine usiku wina inu muli mtulo.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi mwanayo, osati ndi apolisi. Osamulanda foni mwaukali, chifukwa amene akumukopawo anamuuza kale kuti makolo ako sadzakumvetsa, ndipo mukakalipa mwawatsimikizira. Mufunseni kuti akuonetseni amene amawamvera. Mufunseni chimene ashehe alakwitsa, ndipo mumvetsere yankho lonse ngakhale likukuwawani. Funsaninso chimene chinachitika kumpira. Kawirikawiri pansi pa nkhani zoterezi pamakhala china chaching'ono chimene palibe anachiona: kunyozedwa chifukwa cha khungu, kutayidwa ndi anzake, kusowa kwawo kwenikweni poti ku England amamuti wa ku Africa, akapita kumudzi amamuti mzungu. Pezani munthu wodziwa Qur'an bwino, wachinyamata ndithu, wolankhula Chingerezi cha mwanayo, woti angathe kumuyankha vesi ndi vesi popanda kumuchititsa manyazi. Bambo akhale nawo pa zonsezi. Musapite kupolisi mobisa kwa iwo, chifukwa tsiku limene galimoto ya polisi idzaime pakhomo mudzakhala ndi nkhondo ziwiri m'nyumba imodzi.

Wapolisi uja mukhoza kulankhula naye musanatchule dzina la aliyense. Mufunseni ngati kholo lofuna kudziwa: munthu akakuuzani za mwana, mumauza ndani? Zimalembedwa pati, ndipo zimasungidwa zaka zingati? Kusukulu adzauzidwa? Ife makolo tidzaitanidwa nthawi iti? Wapolisi woona mtima adzakuuzani mosabisa kuti sangasunge nkhani yotere yekha. Akakulonjezani kuti "zithera pompano", ameneyo ndiye musamukhulupirire. Funso la kusunga mainalo musalipeputse, pakuti madzi akatayika saoleka. Zolembedwa za Prevent zimakhala m'makompyuta a apolisi kwa zaka, kawirikawiri zisanu ndi chimodzi zisanaunikidwenso, ngakhale nkhani itatsekedwa. Mu 2020 khoti lalikulu linagamula kuti apolisi a ku London analakwa kupitiriza kusunga zolembedwa za mnyamata amene anatumizidwa ali ndi zaka 11, nkhani yake itapezeka kuti inalibe umboni. Banja lake linapambana, koma linachita kukafika kukhoti. Muli ndi ufulu wolemba kalata yopempha kuona zimene apolisi akusunga zokhudza mwana wanu, ndi wopempha kuti zifufutidwe. Ngati mapepala anu okhalira m'dzikomo sanakhazikike, kambiranani kaye ndi loya wa za imigireshoni kuti mupite mtima uli m'malo.

Palinso nambala ya ACT Early, imene inakhazikitsidwa mu 2020 kuti achibale azipezako malangizo. Ndi yothandiza, bola mudziwe kuti oyankha foniyo ndi apolisi a Prevent, osati bungwe loima palokha.

Ngati mwayesa kulankhula naye, mwabweretsa mlangizi, koma patapita masabata angapo mwana akungolowerabe, mavidiyo akupitirira, wayamba kunena kuti anthu ena ndi oyenera kufa, pamenepo ine ndingati mupite kwa wapolisi wa m'dera uja, inu ndi bambo limodzi, n'kutchula dzina. Kholo limene labwera lokha limakhala ndi mawu pa zimene zichitike kuposa limene ladzidzimutsidwa ndi kalata ya kusukulu. Pemphani kuti akabwera kunyumba asabwere ndi yunifolomu kapena galimoto ya polisi, kuti mukhalepo pamene akulankhula ndi mwana, ndipo mulembe dzina ndi nambala ya aliyense amene walowa pakhomo panu.

Koma mukapeza kuti wabisa mpeni kapena mankhwala achilendo m'chipinda, akufufuza za malo enaake ndi nthawi imene pamadzaza anthu, pasipoti yake yasowa pamene mumaisunga, kapena wayamba kutsanzika abale ake ngati wa paulendo, musadikire Lachisanu kuti wa tiyi uja abwere. Imbani 999 nthawi yomweyo.